Masiki ya Mlonda wa pa Geti

Moven anali atathira kale parafini pa mulu wa nsalu za malemu mkulu wake pamene Marjory anamulanda machesi.

"Mulamu, ivi vinthu vili na matenda," anatero Moven. "Mufuna tonse tife, timukonkhe kumanda?"

Mwamuna wa Marjory, Fanwell, telala wa mu Chawama, anali ataikidwa masiku atatu apitawo. Anamukulunga m'pulasitiki ngati katundu, ndipo anamukwirira anthu ovala zoyera amene sankadziwa n'dzina lake lomwe. Palibe amene anamusambitsa, palibe amene anaona nkhope. Pakhomo panalibe tenti kapena nyimbo. Amayi a kumpingo ankapepesa ali tsidya la ngalande, kukamwa atatseka ndi mamasiki amene Fanwell yemweyo anawasokera ulere.

Chimene chinkamuwawa Marjory n'chakuti bamboyo sanatsokomole ngakhale kamodzi. Vuto linali m'mimba. Tsiku loyamba mlonda wa pachipatala anawabweza pa geti, akuti mabedi onse atha ndi a korona. M'mawa mwake dokotala anagwira mimba yotupayo n'kunena kuti matumbo apotana, pafunika opaleshoni tsiku lomwelo. Koma poti thupi linali litatentha, lamulo linati ayambe ayezedwa korona. Anamutokosa m'mphuno n'kumusiya pa benchi. Anadikira pepala la zotsatira masiku awiri, munthu akubuula anthu onse akumva, mpaka anasiya kubuula.

Tsopano Marjory anatulutsa foni n'kumupatsa mlamu wakeyo. Uthenga wa kuchipatala unali utangofika m'mawa umenewo: Fanwell analibe korona. Pansi pake anawonjezera kuti wodwalayo apitirize kusamba m'manja.

Moven anawerenga kawiri. Kenako ananena motsitsa mawu kuti mwina akaonetse aneba, anthu abwere adzalire.

"Niziyenda nyumba na nyumba na foni, kupempha banthu kuti balile mwamuna wanga?" anafunsa Marjory. "Benze kumuziba. Bamuvala pa nkhope."

Moven anayamba kutola nsalu zija imodziimodzi, manyazi atamugwira. Atazilowetsa m'nyumba anaona kansalu kabuluu katapanidwa pansi pa singano ya makina osokera, kosokedwa mbali imodzi yokha. Anafunsa kuti kanali ka ndani.

Marjory anamuuza. Tsiku limene anabwezedwa lija, Marjory anatukwana mlondayo njira yonse. Atafika kunyumba Fanwell anakhala pa makina atapindika ndi ululu, n'kuyamba kusokera mlondayo masiki, akuti masiki ya mlonda uja inali yong'ambika, yomangidwa ndi kachingwe ka thumba la ufa, ndipo munthuyo amaima pa geti tsiku lonse pakati pa odwala.

"Nikali nakalipa," anatero Marjory. "Sinizamukhululukila uja munthu."

Anakoka mpando, nakhala, n'kuwongola kansalu kaja ndi zala. Kenako anaponda makinawo, kumalizitsa mbali yotsalayo.