Thanki ya Kuseri kwa Nyumba

Kamtengo kachitatu ka machesi kanapsa mpaka kumuwotcha chala, koma chitofu sichinayake. Mphunzitsi anatsegulanso kampopi ka gasi n'kutchera khutu. Kunali zii.

Panali patatha masiku anayi chiikireni mkazi wake m'manda. Mayiyo anali wofufuza za sayansi, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankadyetsa thanki ya kuseri kwa nyumba makoko a zipatso ndi zotsala za m'mbale. Tizilombo ta m'thankimo tinkawoletsa zinyalalazo n'kutulutsa gasi. Ankafuna kuti gasi wotere aziyendetsa firiji yosungira mankhwala oletsa kutaya magazi pobereka, m'zipatala zomwe magetsi amangobwera ngati mlendo. Mphunzitsi ankadana ndi fungo lake, ndipo sankabisa. Komabe ali gone kuchipatala, mayiyo anamupempha chinthu chimodzi chokha: "Tizilombo tanga tija musatiphe ndi njala."

Anatuluka n'kupeza mlongo wake wamkulu akukolopa pakhonde.

"Achemwali, mwathira china chake m'thanki muja?"

"Mankhwala otsukira chimbudzi, mabotolo awiri. Anthu odzapepesa ankagwira mphuno, ine manyazi. Ndalakwa?"

"Mwapha zonse."

"Zonse ziti? Achimwene, munthu tamuika kale. Mukufuna tilirenso dzenje la zinyalala?"

Mphunzitsi anangotembenuka. Munthu wasiya ntchito ndi ana ake kudzakuphikira, ungamukalipire bwanji? Anazungulira kuseri n'kukhala pachivundikiro cha thanki. Fungo linali litatheratu, mpweya uli mbee. Pamenepo analira kuposa mmene analirira kumanda, chifukwa anali atalephera ntchito imodzi yokhayo imene mkazi wake anamusiyira.

Masana kunafika mzamba wa kuchipatala chaching'ono kumene malemu ankayesera firiji ija. Anatsitsa zigubu ziwiri panjinga yamoto. Mphunzitsi anaganiza kuti mayiyo wadzatunga madzi a m'thanki okayambitsira ina.

"Pepani mayi, mwadzivutitsa pachabe," anatero. "Thanki yafa. Mlandu ndi wanga, sindinawachenjeze anthu."

"Sindinadzatunge, bambo. Zigubuzi n'zodzaza."

Mphunzitsi anagwedeza chimodzi: chinalidi chodzaza.

"Mwezi watha malemu anabwera kwathu ndi zigubu zomwezi, zodzaza madzi a m'thanki yanuyi, akuyenda chogwira khoma," anatero mzambayo. "Tinawaletsa kunyamula, anakana. Anakhuthulira okha m'thanki yathu, kenako anakhala pansi kudikira mpweya ubwerere. Anati, 'Ndikapita, kunyumba kwanga kudzadzaza anthu aukhondo, ndipo bambo aja sadziwa kukaniza munthu. Pakadzatha masiku angapo mudzatunge muno muwapititsire. Musakawafunse zambiri. Akungofunika chowadzutsa m'mawa.'"

Pakhonde, mlongo uja anali atasiya kukolopa.

Mphunzitsi ananyamula zigubuzo n'kupita nazo kuseri. Kenako anavula jekete, napinda manja a malaya, n'kuyamba kukapa madzi akufawo m'thanki.