Foni ya Hamidu Musaifufute

Amuna anga a Hamidu sankadziwa kulemba. Ndanena poyera chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo. Sukulu analekera sitandade thu n'kukwera bwato, ine ndinafikako sikisi, ndiye pakhomo pathu ku Liwaladzi wophunzira ndinali ineyo. Koma foni yatachi anagula, ndipo pa Watsapu sankachokapo. Uthenga wawo wonse unali wapakamwa: kudina, kuyankhula, kutumiza. Mayina a anthu ankawasunga ndi tizithunzi. Wogulitsa maukonde anali kangaude. A Eston, ogula usipa a ku Dwangwa, anali duwa chifukwa lole yawo anaijambula maluwa. Ine anandiika tsabola, ndipo sindinatsutse.

Atamwalira ndinalowa eda. Kwa ife Asilamu mkazi wamasiye amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku ake apamwamba, osadzola zonunkhira, osaonekera kwa amuna achilendo. Anthu amabwera sabata yoyamba, yachiwiri amachepa, kenako umatsala ndi makoma. Ine ndinatsala ndi foni ija. M'menemo munali mavoisi onse omwe a Hamidu ankatumizira anthu. Mwina akukalipira alovi awo, anyamata a pabwato, kuti ang'amba ukonde, mwina akuseka mpaka kutsokomola. Ina ankauza mwana wathu ali ku Joni kuti, "Amako ndi moto, koma popanda iwo ine bwenzi ndikugona pamchenga." Pamaso panga sananenepo zimenezo, munthu wouma mtima uja. Ndinazimva atapita. Ndinkagula kabandulo kuti ndizimva mwana wanga, kwinako n'kumangomvera bambo ake. Zolembalemba sindinkatsegula n'komwe.

Tsiku lina m'mawa kunabwera alamu anga awiri: a Sulemani, mng'ono wa malemu, omwe anagwirapo ukalaliki ku esiteti ya nzimbe, ndi mlongo wawo Salma. Pambuyo pawo anthu a m'mudzi ngati kuli sadaka. A Sulemani anakhala pakhonde, ine m'nyumba kuseri kwa katani ya pakhomo.

"Alamu, foni ya achimwene ili kuti?"

"Ili pano. Yalakwanji?"

"Ibwere."

"Ndafunsa kuti yalakwanji."

Salma analowa n'kundinong'oneza, koma kunong'oneza kwa Salma kumamveka kumsewu. Akazi a Eston akulira ku Dwangwa. Nambala ya a Hamidu yakhala ikulembera amuna awo kuti, ndakusowa duwa langa, tikumane pa boma.

"Womwalira salemba," anatero a Sulemani. "Foni ili ndi inu. Ndiye walemba ndani? Munthu ali mu eda, dothi la pamanda lisanaume!"

Mutu unanditentha. "A Eston? A mano awiri aja? Alamu, ndikanafuna mwamuna bwenzi nditasankhako wotafuna nyama."

Panja ena anaseka, a Sulemani ayi. Salma anatenga foni n'kuwapatsa, anatsegula pa duwa paja, ndipo mawu aja analimodi, m'foni yangayi, olembedwa bwinobwino. Ndinawaona ndi maso anga Salma atandibweretsera.

"Kompyuta sinama, alamu. Munthu amanama, koma makina amangosunga chomwe chachitika. Ine ndagwira nazo ntchito zinthu zimenezi."

"Sinama? Anaipanga ndi angelo?"

"Banja lagwirizana. Foniyi ndipita nayo akaifufute, ikhale ngati yatsopano. Manyaziwa athere pomwepa."

"Kufufuta ndiye kuti chani? Mawu a achimwene anu atsala?"

"Zonse zimapita. Ndiye kufufutako."

Apo ndinaimirira. Ndinakokera Salma m'kati ndi foniyo, ndinaizimitsa iye akuona, n'kuikwirira m'chidebe cha mpunga, n'kutseka. Ndinamuuza kuti akaike chidebecho pakati pabwalo, pamaso pa aliyense.

"Mwati ndikulemba ndine. Foni ndi imeneyo, yazima, manja anga ali muno. Tsegulani yanuyo, alamu, muyang'ane pa dzina la achimwene anu. Tikhala pompano mpaka tione."

Sindinkadziwa chomwe chichitike, ndisaname. Ndinkangodziwa kuti ine sindinalembe, ndiye wolembayo ali kwinakwake, ndipo wozolowera kuba sadikira.

Tinakhala. Dzuwa linakwera, anthu anasunthira pansi pa mango, aliyense n'kukhala katswiri. Wina amvekere pa wailesi ananena kuti kunja apanga makina oyankhula ngati munthu aliyense, ngakhale wakufa. Wina akuti ayi, ndi netiweki, ikachuluka mphepo mauthenga amasochera ngati mabwato. Mayi wina anati mwana wake anamuuza kuti usamayankhe nambala yoyamba ndi pulasi, imayamwa zonse za m'foni. Bambo wina wokalamba anangoti iye n'chifukwa chake ali ndi yamabatani, imagwa m'madzi n'kudzukanso. Ine kuseri kwa katani ndinkangokukuta mano.

Anthu atabwerako kumzikiti ku swala ya masana, a Sulemani anadzidzimuka.

"Ali onilayini."

Chidebe chili pompo, chotseka, nkhuku ikuzungulira.

"Alembereni," ndinakuwa. "Afunseni kuti ndi ndani."

Analemba. Posakhalitsa foni yawo inalira, ndipo Salma, yemwe ankasuzumira paphewa pawo, anawerenga mokweza asanaganize: "Ndine Hamidu, iwe mbuzi."

Azimayi anabalalika akufuula kuti jini. Ine ndinaseka koyamba chimwalirireni amuna anga. A Hamidu anasunga mng'ono wawo ndi chithunzi cha mbuzi, chifukwa cha kandevu kaja, ndipo zimenezi tinkadziwa awiri basi. Tsopano mudzi wonse unadziwa.

Mukuganiza kuti a Sulemani anapepesa? Anapukuta thukuta n'kunena kuti, "Ndiye ndi mahaka, akuba a pa intaneti. Alowamo. Apa ndiye ifufutidwe msangamsanga, isanatipatsire tonse."

"Kufufuta chani, itayidwe m'nyanja imeneyo!" anatero Salma.

M'mawa ndinali hule, masana foni yasanduka ya mahaka ndi majini, koma chigamulo n'chomwecho: mawu a amuna anga apite. Ndinadzifunditsa mpango mpaka m'maso, ndinakankha katani n'kutuluka. Amuna onse anagwetsa nkhope pansi. Ndinanyamula chidebe changa n'kubwerera nacho m'nyumba.

"Wofuna foniyi alowe muno adzaitenge. Ndili mu eda, tione mwamuna amene alowe."

Palibe analowa.

Madzulo amenewo ndinakhala ndikuganiza za mbuzi ija. Wolembayo ankaona tizithunzi ta a Hamidu. Anaona duwa n'kuyesa kuti ndi chibwenzi. Ndiye ankaona m'kati mwa foni ali kutali. Pamenepo ndinakumbukira. Atatsala pang'ono kudwala, a Hamidu anapita ku boma kukasindikiza zithunzi za bwato, ndipo anabwera akusimba ngati aona zodabwitsa. Anati pa shopu ya Stefano, yoika nyimbo m'mafoni, anangolozetsa foni pa kompyuta, macheza awo onse n'kutulukira pagalasi lalikulu. Ndinawafunsa tsiku limenelo ngati anawabwezamo. Anandiyankha kuti ndisiye zamakono ndizisamala tsabola wanga.

Kutacha ndinamanga foni pachitenje m'chiuno, ndinavala buibui yofunda thupi lonse n'kutseka nyumba. Salma anandipeza ndikudikira minibasi pamsewu.

"Alamu! Eda!"

"Eda imandiletsa mafuta onunkhira ndi amuna. Kukagwira wakuba siindiletsa. Ukawauze achimwene ako."

Ku boma shopuyo sinavute kupeza, inali kuseri kwa msika, sipika ili pakhomo ikugonthetsa anthu. M'kati munali makompyuta awiri. Pa ina panaunjikana anyamata, ndevu zitamera kale, akuseka. Pa inayo panali bambo wamagalasi.

"Stefano ndiwe?"

"Ndine, mayi. Nyimbo zanji, kaswida?"

"Tsitsa chiphokosocho. Amuna anga a Hamidu a ku Liwaladzi ali mu kompyuta yako. Atulutse."

Anaseka. "Mayi, makina anga ndi otetezeka. Ndinaikamo antivayirasi yolipira, osati zaulere zija. Muno simulowa haka ngakhale wa ku Amereka."

"Za ku Amereka sindinabwerere. Munthu wa bwato uja, unamusindikizira zithunzi. Unatseka?"

"Zimatsekeka zokha zimenezo."

"Chitseko cha nyumba yako chimatsekeka chokha?"

Ndinaona anyamata aja asiya kuseka. Mmodzi anayamba kusuntha kambewa ka kompyutayo mwakachetechete. Ndinamugwira dzanja. Ndakhala ndikukoka ukonde ndi kusenza madengu a usipa moyo wanga wonse, dzanja langa likagwira limagwira.

"Siya momwemo."

Pagalasi panali nkhope ya a Hamidu, atavala kofia yawo ya pa Idi. Pansi pake kangaude, duwa, mbuzi, tsabola. Anzake a mnyamatayo anali atathawa kale, nayenso anapulumuka n'kusiya silipasi imodzi.

Stefano anavula magalasi. "Mayi, anyamatawa amangobwera kudzasankha nyimbo. Ndi masewera chabe. A Hamidu akabwera ndidzawapepesa ndekha."

"Akabwera? Tinawaika m'manda. Ine ndine mkazi wawo, ndatuluka mu eda chifukwa cha masewera akowo. Kwathu akunditcha hule. Ku Dwangwa banja la eni ake likugwedezeka."

Stefano anatembenukira ku kompyuta ija. Kenako anayamba kudinadina mofulumira, nkhope ya a Hamidu n'kuzimiririka pagalasi.

"Wafufuta?"

"Ayi mayi, ndangotseka kunoku. M'foni mwanu zonse zilimo. Bweretsani ndikuonetseni."

"Uziona ili m'manja mwanga."

Ndinaiyatsa ndekha. Anandilozera ndi chala poti ndidine, ndi penanso, mpaka tinafika pomwe pamaonetsa makompyuta omwe foni yalumikizana nawo. Panalibe kanthu. Ndinatsegula voisi imodzi, a Hamidu n'kuyamba kukalipira alovi momwe amachitira. Ndinaitseka msanga. Sindinafune kuti amve ndi anthu a mumsika.

"Mukanatha kutseka muli kunyumba komweko," anatero Stefano. "Pomwepa basi, osakwera minibasi."

"Ukanatha kuwauza amuna anga tsiku lomwelo. Unalandira zako n'kuwasiya chitseko chili pululu. Tsopano uyankhula."

"Ndiyankhule chani?"

Ndinatsegula gulu la banja lathu la pa Watsapu, momwe muli a Sulemani, Salma, mwana wanga ndi abale onse mpaka a ku Salima. "Dzina lako, shopu yako, ndi zomwe zachitika. Pakamwa, osati zolemba. Zolemba ndathana nazo."

"Mayi, bizinesi yanga ithera pomwepa."

"Dzina langa linatha dzulo, ndipo sunandifunse. Ukakana ndikaima pakhomo apo, sipika yako ndi ine tione wokuwa kwambiri."

Anthu anali atadzaza kale pakhomo. Stefano anawayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kuweramira pa foni. Ndinadina ndine. Koyamba anayankhula ngati ali ndi madzi m'kamwa, akuti panachitika kavuto ka netiweki. Ndinaitaya voisiyo n'kumuuza ayambirenso. Kachiwiri ananena zoona: kuti anaiwala kutseka, kuti ankalemba ndi anyamata a pa shopu yake, kuti ine mayi Zulfa sindikudziwapo kanthu. Ndinatumiza ku gulu, ndinatumizanso kwa duwa, kuti akazi a Eston amve okha.

Ndisanafike pa siteji foni inalira. Mbuzi.

"Alamu, tamva," anatero a Sulemani. "Chabwino, sanali inu. Koma mwaonatu kuti zinthuzi n'zoopsa. Lero ndi Stefano, mawa ndi wina. Munthu wamkazi, nokha, simungazithe. Komanso mwatuluka mu eda, anthu akuyankhula. Foniyo mubweretse isungidwe ndi banja."

"Alamu, dzulo munati kompyuta sinama."

"Ndinkanena za..."

"Munanena pabwalo panga, mudzi wonse ukumva, kuti ndikufuna amuna dothi lisanaume. Mubwere pabwalo pomwepo, muitane anthu omwewo, munene mokweza chimodzimodzi kuti munandinamizira. Za eda ndikayankha kwa Mulungu, amene anaona chomwe chinanditulutsa. Foniyi ndi ya amuna anga, mawu ali m'menemu ndi anga, ndipo saifufuta munthu ine ndili moyo."

"Alamu, tamverani kaye..."

Ndinadula. Kondakitala ankaitanira za Dwangwa, zodutsa kwathu ku Liwaladzi, ndipo ndinamuuza kuti andipatse mpando wakutsogolo.