Yankho Limene Linkasowa

Phillip anali ndi zonse zimene sukulu yapamwamba ya zamalonda ya ku Joni inkafuna, kupatulapo chimodzi. Digiri ya ulimi anali nayo, mayeso olowera anakhoza bwino, ndipo pa esiteti ya tiyi imene ankagwirapo ntchito ngati wothandizira manijala panalibe womunenera zoipa. Vuto lake linali lomwelo.

Anamuuza zimenezi ndi Mayi Joan, a ku ofesi yaikulu ya kampani ku Limbe, amene anaphunzira ku sukulu yomweyo ndipo sankalola kuti munthu aiwale. Lamlungu ankabwera pa galimoto yawo, kukhala pakhonde pa Phillip, n'kumamuyesa ndi mafunso onga amene aphunzitsi a ku Joni adzamufunse pa telefoni. Iwo ankamwa tiyi, iye madzi, pakuti kwawo kwa Phillip ndi a Sabata: tiyi anayamba kumutchola kalekale, koma kumulawa ayi.

"Tandiuzani chiganizo chowawa chimene munapangapo pa ntchito," anatero Mayi Joan.

Phillip anafotokoza m'mene anasinthira nthawi ya thirakitala kuti masamba asamafote padzuwa. Mayiwo anaseka mpaka kutsamwa.

"Zimenezo ndi za kapitawo. Kumene mukufunako kumapita anthu oti anachotsapo anzawo ntchito n'kukagona tulo tabwino. Inu ndinu munthu wabwino, a Phillip, ndipo ubwino kumeneko sapereka nawo mamalikisi. Pezani chinthu choti mukachinena, wofunsayo aike pansi cholembera."

Mawu amenewa anamudya mtima sabata yonse. Iye anakulira m'malaini, m'nyumba za kampani zija zogundana makoma, ndipo ankadziwa kuti akalephera kupita ku Joni adzakalamba akutsegulira zitseko mabwana obwera.

Mvula ya 2003 itangoyamba, manijala anaitana omuthandizira onse. Kampani inkafuna kuyesa masizasi otcholera tiyi, aja okhala ndi kabokosi kogweramo masamba, pa divishoni imodzi. Munthu mmodzi wa masizasi amatchola za anthu awiri, ndiye aliyense m'chipindamo anamva zimene sizinanenedwe: theka la otchola a pa divishoniyo lichotsedwa ntchito. Pankafunika woyang'anira ntchitoyo. Anzake anayamba kuona nsapato zawo ngati akuziona koyamba. Phillip anaimika dzanja, ndipo analiimika atamva kale dzina la divishoniyo. Inali imene ankatcholako achemwali ake, a Leah.

A Leah anali aakulu kwa iye, mayi wamasiye wa ana atatu, ndipo ankakhalabe m'malaini momwemo. Dzanja lawo lamanja linathyoka ali mtsikana, tsiku limene anaterereka pakhwawa atabereka Phillip kumsana. Mwana anatuluka wopanda ngakhale kachilonda, koma dzanjalo linalumikizika mokhota. Pa zala panalibe wowaposa, ankatchola masamba awiri ndi kansonga kwinaku akuimba nyimbo za kutchalitchi. Koma masizasi safuna zala, amafuna mphamvu ya m'mikono.

Phillip anadzinamiza kuti azolowera. Sanazolowere. Ankawaona chapatali ali m'munda, akuima, kupukusa dzanja, kulipana kukhwapa, n'kuyambanso. Pofika masana dengu lawo linkakhala lopepuka kuposa la aliyense. Sanamudandaulire ngakhale kamodzi, ndipo chimenechi n'chimene chinkamupweteka kwambiri.

"Ndikhoza kuwasiya, n'kuchotsa wina," anauza Mayi Joan.

"Mukhoza ndithu. Malaini onse adziwa dzuwa lisanalowe, manijala adziwa m'mawa mwake. Ndiye ku Joni akakuchitireni umboni wotani? Woti mumakondera abale?" Anasuzumira m'kapu mwawo. "Sindikukuuzani chochita ayi. Ndikungoti mwaupeza mwayi umene ena amaufuna osaupeza."

Phillip anawachotsa a Leah. Anaima pamalo oyezera masamba m'mamawa, nkhungu isanachoke, n'kutchula amene ntchito yawathera. Atafika pa dzina la achemwali ake, analitchula ndithu. A Leah anatula dengu, naika masizasi pamwamba pake bwinobwino, n'kumapita. Pa Sabata anakumana pakhomo la tchalitchi, iwo anagwada pang'ono monga amachitira amayi a m'malaini akaona abwana. Phillip analakalaka akanangomutukwana.

Lamlungu lotsatira Mayi Joan anabwera ali ndi nkhope yowala. Telefoni ya ku Joni inali Lachitatu, ndipo manijala anali atayamikira kale mnyamata wolimba mtima ameneyu. Mayiwo anamufunsanso Phillip funso lija. Phillip anayankha m'Chizungu, mouma ngati akuwerenga malamulo a fakitale.

"Ayi, ayi. Mulibe magazi m'menemo. Tanenani m'Chichewa kaye, kuti mtima ulowemo, Chizungu chibwera pambuyo."

Ananena m'Chichewa. Poyamba ankadodoma, kenaka zinayamba kutuluka zokha. Ananena za masizasi, za dengu lopepuka, za nkhungu ya m'mawa uja. Ananena kuti pakati pa ochotsedwawo panali mlongo wake weniweni, wobadwa naye bere limodzi, koma iye anaona kuti mtsogoleri sasankha nkhope. Anaima pang'ono asanatchule mawu akuti mlongo, ndipo anadzimva yekha kuti kuimako kwakoma. Zinamuchititsa manyazi kuti zinamukomera.

"Basi!" Mayi Joan anaomba m'manja. "Pamenepo mwaima paja, Lachitatu mukaimenso chomwecho. Malo mwawapeza, a Phillip."

"Odi."

A Leah anali ataima pansi pa masitepe, kuseri kwa maluwa, atavala chitenje cha paulendo. Kuti anafika nthawi yanji, Phillip sanadziwe, koma nkhope yawo inaonetsa kuti sanafike kumene.

"Achemwali," anatero akudzuka, mpando n'kugwa kumbuyo kwake.

"Musavutike, achimwene. Nyumba ija akuti tituluke mawa, alowemo ena. Ndimati ndipemphe ngati thirakitala ingatifikitsireko katundu kumsewu. Kuchokera apo tiona tokha m'mene tikafikire kumudzi ku Nsabwe."

"Mukhale kuno. Nyumba ino ndi yaikulu, ana akhoza..."

"Nanga si mukupita ku Joni? Inonso ndi ya kampani."

Mayi Joan anayamba kufufuza china chake m'chikwama mwawo, chimene sichinkapezeka.

A Leah anatembenuka kuti azipita, kenaka anaimanso. Sanakweze mawu, analankhula ngati m'mene ankamukumbutsira kusamba m'makutu ali mwana.

"Mwafotokoza bwino, ine mpaka ndamva chisoni. Koma mwaiwala za dzanja." Analikweza pang'ono, lotupa polumikizira paja. "Mukawauze m'mene linathyokera. Pamenepo ndiye sangakukaneni."

Anatsika kanjira ka pakati pa tiyi osacheuka. Phillip anawayang'ana mpaka duku lawo linabisika kuseri kwa mitengo ya bulugamu.

Kumbuyo kwake Mayi Joan anakhosomola pang'ono, nafunsa motsitsa mawu, cholembera chili kale m'manja:

"Dzanjalo linathyoka bwanji?"