Nthuli za M'mbale ya Adada

"Mbale yabwereranso," anatero azakhali a Martha akuitsitsa patebulo mwamphamvu. "Bambo ako sanakhudze nthuli ngakhale imodzi."

Betty anayang'ana nyama yambuziyo, mafuta atayamba kale kugwirana pamwamba. Chiwaikire m'manda mayi ake, a Tusekele, bambo ake ankangomwa tiyi basi. Kolala ya malaya inali itayamba kuwakulira.

"Loweruka ndikupita nawo kumudzi ku Rumphi," azakhaliwo anapitiriza. "Mlongo wanga sangafere mu Area 25 muno ine ndikuona. Iwe umalawirira kuntchito, awasamala ndani? Mayi ako omwewo, ndisanene zambiri poti agona, koma tonse tinkaona. Paukwati, pamaliro, nyama ya m'mbale ya amuna awo ankatola ndi iwo."

Betty ankadziwa kuti zinali zoona. Mayi ake anamwalira ndi mano awo onse, olimba oti ankasendera nzimbe ndi kuswera mafupa, ndipo iyenso ali mtsikana khalidwe lotola nyamalo linkamuchititsa manyazi.

Anatuluka kukawafuna bambo ake, a Flywell. Anawapeza kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala, mano awo oikirira ali m'manja, chala chikusisita nkhama. Atamuona anafulumira kuwabwezera m'kamwa.

"Adada, ndaona," anatero Betty akukhala pansi pafupi nawo. "Nkhama zanuzo ndi zilonda zokhazokha."



"Mano awa ndi oonetsa anthu, mwana wanga. Kusekera, kuimbira nyimbo kutchalitchi, alibe vuto. Koma ndikati ndilume nyama amagwedera, amandicheka. Chimanga chootcha ndinasiya kalekale."

"Nanga zaka zonsezi mumadya bwanji?"

"Mayi ako. Pakhomo pano zanga ankaphika padera, nyama yoduladula ting'onoting'ono, yofewa ngati dzungu. Iwe unali utasamukira kale kwako. Tikakhala pagulu ankandichotsera nthuli zolimba, n'kundisiyira chiwindi ndi msuzi. Sankafuna anthu aone mkulu wa mpingo akulimbana ndi nyama mpaka mano kugwera m'mbale."

"Koma anthu ankawanena kuti ndi adyera!"

"Ankadziwa. Ankati bola azinenedwa iwo."

Betty anayang'ana kumbali, kuchingwe kumene kunali zitenje za malemuwo zimene azimayi a kumpingo anachapa.

"Ku Rumphi sindikufuna," a Flywell anatero motsitsa mawu. "Manda ake ali kuno. Koma Martha usamuuze za manozi. Mudzi wonse udziwa dzuwa lisanalowe."

"Simupita kulikonse," anatero Betty akudzuka. "Ndibwerera m'nyumba muno. Mawa ndipempha kuntchito, tikaonane ndi dokotala wa mano akawakonze. Koma lero mudya."

Analowa kukhitchini, natenga mpeni. Anaduladula nyama ija mpaka zala kuwawa, naibwezera pambaula pamodzi ndi mbatata, nakhala pomwepo akukupiza makala. Azakhali atasuzumira n'kufunsa ngati m'nyumbamo mwabadwa khanda, iye anangoti, "Ndikuphikira adada."

Masana kunabwera akuluakulu atatu a mpingo kudzapepesa. Azakhali anagawa okha chakudya cha alendo, ndipo m'mbale ya mlongo wawo, pamwamba pa zofewa za Betty, anasanjikapo nthuli ziwiri zazikulu zamitsempha.

"Idyani, achimwene. Alendo akuoneni kuti mukulimba."

A Flywell anayang'ana mbaleyo, dzanja lili lende. Alendo, atatha kupemphera, ankadikira kuti eni nyumba ayambe.

Betty, amene anagwada pambali ndi beseni la madzi osamba m'manja, analiika pansi. Anatambasula dzanja, natola nthuli yoyamba, kenako yachiwiri.

"Adada, zabwinozi mudya nokha?" anatero mokweza, akuseka.

"Mwana iwe!" azakhali anagwira pakamwa. "Pamaso pa alendo? Ndiwe mayi ako enieni!"

"Eya, azakhali," anayankha Betty, mtsempha ukulimba pakati pa mano.

A Flywell anaweramira mbale yawo. Anatapa mbatata ndi msuzi, natafuna pang'onopang'ono, natapanso. Azakhali a Martha anayang'ana mbaleyo, nayang'ana mlongo wawo akudya, nayang'ananso Betty nthawi yaitali. Kenako anakankhira mphika wa msuzi kufupi ndi mkuluyo.