Chizimba cha Mafuta a Ndere

Ine Mateyu Mwale dziko ndaliona. Ndawotcherera mapaipi ku Durban, ndayendetsa lole ku Beira, ku Kitwe anthu ankaimirira ndikalowa m'bala. Koma amene anandigulula mano atatu ndi anthu akwathu ku Kapondo, chifukwa cha liwu limodzi.

Nditabwerako ku Joni ndinapempha ndere za m'damu la esiteti ya fodya. Mwini wake anaseka, nati tengani zonse. Ndinkaziyanika padzuwa, n'kuzitsekera m'diramu mosalowa mpweya, n'kusonkha moto pansi. Utsi wake ukadutsa m'paipi yoviikidwa m'madzi, mafuta ankadontha. Koma anali akuda, olemera ngati phula, owawasa. Injini ya chigayo changa inatsokomola kawiri n'kuzima. Ndiye ndinaitanitsa ufa woyera wamiyala umene akatswiri amati katalisiti. Ndikauika m'paipimo utsi n'kudutsamo, mafuta ankatuluka opepuka, ofiirira ngati tiyi. Ufawo sulowa m'mafuta ayi, umangowakonza. Chigayo chinalira tsiku lonse. Ndani wina anachitapo zimenezi m'Mchinji muno?

Loweruka lina ku bala matenanti anandifunsa chinsinsi changa. Dzina la ufawo linawakanika.

"Kata chiyani, bwana?"

"Ndi chizimba, anthu inu!" ndinatero ndikumenya tebulo. "Mankhwala opanda chizimba ndi masamba chabe. Changa n'choyera ngati mafupa, sichipezeka wamba!"

Anaseka, koma osati onse. Kwathu amati chizimba cholemeretsa munthu chimachokera m'thupi la munthu mnzake.

Lachitatu lake Limbani anasowa. Anali tenanti amene ankandivuulira ndere m'damu. Ine ndinkadziwa komwe ali. Ndinamuperekeza ndekha pa njinga yamoto mpaka m'malire, kumene Luwiza wogulitsa zitenje ankamudikira kuti akayambe banja ku Chipata. Anandilumbiritsa kuti ndisauze mkazi wake Felista, ndipo ine mawu anga ndi chitsulo.

Lachisanu masana ndikusonkha moto pa diramu, mwala unatera padenga, khu! Wachiwiri unandipeza pakamwa. Ndinalavula magazi ndi mano. Potukula mutu, bwalo langa linali litadzaza anthu a zikwanje ndi mipini. Patsogolo panali Temwani, mchimwene wake wa Felista, chimunthu chonyamula belo la fodya chokha.

"Alamu anga ali kuti, iwe wa ku Joni?"

"Achimwene, tiyeni tikambirane ngati anthu ophunzira."

Mpini unagwera paphewa, ndinamva fupa likuti thyo. Ena anathyola chitseko cha shedi, natulutsa thumba la ufa uja n'kuling'amba ndi chikwanje. Ufa unamwazika mbee. Mayi wina anakuwa atagwira kumutu.

"Mafupa! Anamusinja pachigayo!"

"Ndi miyala imeneyo!" ndinakuwa. "Katalisiti!"

"Loweruka chinali chizimba, lero chasanduka mwala?" anatero Temwani, n'kundiponda pamimba.

Anandikhwekhwereza mpaka pamsewu. Ine amene ndinagwetsa mbava ziwiri pa doko la Beira, apa sindinaponye ngakhale chibakera chimodzi. Wina anandiveka tayala m'khosi. Wina anabwera ndi chigubu cha mafuta anga omwe, nandikhuthulira kuyambira kumutu. Analowa m'maso, m'mabala, ndinalira ngati mbuzi. Temwani anatulutsa machesi. Woyamba unathyoka. Anasolola wachiwiri.

"Taimani, achimwene."

Anali Felista, mwana ali kumsana, maso atatupa. Anagwada pafupi nane.

"Mukawaotcha, ndikaika chiyani m'manda? A Mwale, ndiuzeni pomwe mwasiya zotsala za amuna anga. Ngakhale mutu wokha."

Ndinayang'ana machesi aja, ndinayang'ana mayiyo. Ndinali nditalumbira, inde. Koma lumbiro silizima moto.

"Mayi, amuna anu ali moyo. Ali ku Chipata ndi Luwiza wa zitenje."

"Bodza!" anthu anakuwa. Chidina cha botolo chinandicheka pakhutu.

"Foni ili m'thumba la malaya. Nambala ya ku Zambia, ndinalemba kuti Ndere."

Felista anaipisa yekha, naipukuta mafuta ndi chitenje chake. Anaimba, nakweza mawu kuti onse amve. Inaitana kamodzi, kawiri, kasanu. Temwani anakhudzitsa machesi pabokosi. Ndinayamba Atate Wathu, pemphero limene ndinalisiya ndili sitandade 4.

"Halo, bwana Mwale!" Anali mawu a Limbani, onona, a munthu wokhuta. Chapatali mkazi ankaseka. "Kumudziko kuli bwanji? Kamfiti kanga kaja sikanakuvuteni?"



"Ndine kamfiti kako," anatero Felista. Foni inaduka.

Akumbuyo anayamba kuzemba mmodzimmodzi, zikwanje atabisa kumsana. Mayi wa mafupa uja ananyambita chala chimene chinakhudza ufa, nalavula. Temwani anabweza machesi m'thumba, maso ali pansi, nayamba kundivula tayala mosamala ngati akuvula mwana malaya.

"Pepani bwana. Komanso pakamwa panupa."

Ndinkati zatha. Ndinayesa kuimirira kuti ndiwalankhule, popeza anthu otere amafunika kuwaphunzitsa sayansi. Felista anali asanasunthe.

"Ndiye kuti munadziwa," anatero. "Masiku atatu ndikulira maliro, inu mukudziwa. Anapita bwanji kumalire?"

"Pa njinga yanga, mayi."

Anamasula mwana, napatsira mchimwene wake. Kenaka anatola theka la njerwa. Palibe amene anamugwira dzanja, ndipo ine sindinatchinge nkhope. Ndinatsitsimuka m'chipatala cha pa boma tsiku lotsatira, dzanja lili m'pulasitala, diso lakumanzere litatsekeka, ndipo mpaka lero silinatseguke.