Malume Sadula Foni

"Ndiwe, Tsabola! Ndiwe wandibaya kumsana, mwana wa mlongo wanga weniweni!"

Malume anakuwa chomwechi ndisanatseke n'komwe chitseko cha shopu. Dzanja limodzi linali litaphimba foni, linalo likundiloza m'maso. Ine ndinali ndi mpukutu wa mapepala paphewa, thukuta lili kamukamu. A Lumo, bambo amene amadula mapepala pashopu pathu, anasiya mpeni uli m'mwamba n'kuzyolika.

"Ndalakwanji, malume?"

"Ukufunsa ine? Funsa bambo awa." Anagwedeza foni ija. "Akuti amene analembetsa ndi munthu wa momwe muno. Tsono amagwira kompyuta muno ndani? A Lumo? A Lumo amaopa ndi kuiyatsa komwe."

"Zoona zimenezo," anatero a Lumo chapansipansi. "Ine wanga ndi mpeni."

Shopu yathu ndi yosindikiza makadi a ukwati, timabuku ta mwambo wa maliro ndi zikwangwani. Kompyuta ilipo imodzi, pa tebulo la malume. Palibe anandiphunzitsa kuigwiritsa ntchito, ndinangolimbana nayo mpaka inagonja. Kuyambira pamenepo lamulo linakhala lakuti ikagwira bwino ntchito ndi kompyuta ya malume, ikavuta ndi ya Tsabola.

Ndinaponya mpukutu pansi n'kusuzumira pa sikirini. Panali imelo yokhala ndi chizindikiro chonyezimira cha chishango. Inkati pulogalamu yoteteza kompyuta yathu ku mavairasi yalipiridwanso chaka china, ndalama zadulidwa kale ku banki, ndipo ngati sitikufuna tiimbe nambala ili m'munsiyi lero lomwe, mawa kudzakhala kutachedwa. Dzina la malume munalibe, inangoti "okondedwa kasitomala". Adiresi yochokera inali zilembo zosokonekera ngati nkhuku yaponda pa kiyibodi. Ndipo chachikulu n'chakuti pulogalamu yotereyi ife sitinagulepo. Yathu ndi yaulere, ndinaiika ndine.

Kenako ndinaona china choopsa kuposa imeloyo. Kamuvi ka pa sikirini kankayenda kokha. Dzanja la malume linali kutali ndi mausi, koma kamuvi kankatsegula ichi, kutseka icho, ngati mwini nyumba.

"Malume, munthu wa pa foniyo mwamulowetsa m'kompyuta?"

"Andiuza ndiike kapulogalamu koti andithandizire ali komweko. Akundibwezera ndalama zimene wandidyera iwe."

"Dulani foniyo. Dulani pompano, ndi wakuba ameneyo!"

Apa ndiye ndinaponda pa bala. Malume sadula foni. Ndi ulemu wawo umene amaunyadira kuposa shopu yomwe. Amati munthu wodula foni mnzake asanamalize ndi wofanana ndi wotseka chitseko mlendo mwendo uli pakhomo. Ndinawaonapo akumvetsera munthu wosochera nambala akufotokoza za matenda a mbuzi zake mpaka tiyi anazizira, iwo akungoti "ee, ee, pepani bambo".

Mawu a mu foni anamveka, ofewa ngati mafuta. Malume anamvetsera, maso ali pa ine.

"Anandiuziratu," anatero. "Akuti wolakwayo akabwera adzati dulani foni. Wanena ndendende."

Munthu amene sanandionepo anali atandiikira kale mawu m'kamwa. Ndikalankhula, ndine wakuba. Ndikakhala chete, ndavomera.

"Bweretsa foni yako. Lowa m'sitolomo ukhale momwemo mpaka ndimalize. Tikatha izi ndiimbira mayi ako, akutenge lero lomwe. Sindisunga njoka m'shopu."

"Bwana," a Lumo anayesa, "mwanayu..."

"A Lumo, dulani mapepala."

Kasitolo kathu ndi kachipinda kopanda zenera, kodzaza mabokosi a inki ndi mapepala mpaka kudenga. Ukatambasula manja umagunda makoma onse awiri. Ndinamva malume akukoka chitsulo chotsekera kunja. Munkanunkha guluu ndi fumbi. Ndinakhala pa bokosi ndikuganiza za mayi anga atalandira foni yoti mwana wawo waba kwa mlongo wawo. Nkhani yotere pa chibale pathu siifa. Ikanadzanditsata ku ukwati uliwonse, ku maliro aliwonse, azakhali akubisa zikwama pansi pa nkhwapa ndikamadutsa.

Khoma la kasitoloko ndi la matabwa opyapyala, ndipo malume anali ataika foni pokweza mawu kuti manja akhale omasuka. Ndinkamva zonse.

"Tsopano bwana, tsegulani akaunti yanu ya ku banki pa kompyutapo," anatero munthu uja. "Mukabokosi katulukeko lembani ndalama zoti tikubwezereni."

Ndinamva malume akubaya kiyibodi ndi chala chimodzi, monga amachitira. Kenako munthu uja anafuula ngati waotchedwa.

"Mayo ine, bwana! Mwalemba chiyani? Mwawonjezera ziro! Taonani zimene zalowa kwanuko! Ndatha ine. Abwana anga andichotsa ntchito lero, mwina andimangitsa. Ndili ndi ana, bwana."

"Pepani, pepani kwambiri," anatero malume. "Chala changa ichi. Ndichita bwanji?"

"Mundibwezere zapamwambazo. Koma osadzera ku banki, akaona andigwira. Mukatape, mupite kwa ejenti, ndikuuzani nambala yotumizako. Musadule foni, tiyende limodzi. Akakufunsani munene kuti mukutumizira m'bale."

Ndinamenya khoma ndi chibakera. Munthuyu anali atawapeza malume pamalo penipeni. Malume ndi munthu amene anatsekapo shopu masana dzuwa likuswa mtengo, n'kuthamangira kasitomala amene anaiwala chenji chake mpaka pa siteji ya basi. Ukawaopseza sagwedezeka. Koma uwauze kuti m'thumba mwawo muli cha mwini, sagona. Wakubayo sankakoka dyera lawo ayi, ankakoka chilungamo chawo, chilungamo chomwecho chimene ine chinandidumpha m'mawa umenewo.

"Malume! Palibe chalowa! Akungojambula manambala pa sikirini!"

"Khala chete uko!"

Ndinaponya maso m'mwamba kuti misozi isagwe, ndipo ndinaona timagetsi tobiriwira tikuphethira pa shelefu ya pamwamba. Kabokosi ka intaneti. Tinakaika m'sitolo chifukwa malume ankati kamawaipitsira tebulo. Ndinakwera pa mabokosi a inki, limodzi linaphwanyika pansi pa phazi langa, ndinagwira chingwe n'kuzula.

Timagetsi tija tinazima.

"Bwana? Bwana, kompyuta yanu yandithawa. Chachitika n'chiyani?"

"Kamuvi kaima," anatero malume. Kenako mawu awo anasanduka bingu. "Tsabola!"

"Mwaona, bwana?" munthu uja sanachedwe. "Akufuna kufufuta umboni. Musataye nthawi, nyamukani pompano."

Ndinamva makiyi akulira, mpando ukukhwekhwereza. Munthu uja ndinali nditamutulutsa m'kompyuta koma m'khutu mwa malume anali adakali momwemo, ndipo chimene ndinachita chinangondiwonjezera mlandu. Ndinagogoda chitseko ndi manja onse mpaka zikhatho zinatentha.

"A Lumo! A Lumo, nditsegulireni!"

Chitsulo chinakokedwa pang'onopang'ono. A Lumo anaima pamenepo akukanda m'mutu.

"Ndikufuna guluu, bwana," anatero osayang'ana malume. "Ali m'sitolomu. Sindingadutse munthu."

Ndinawadutsa ngati mphepo n'kukaima pa chitseko cha kunja, manja onse pa mafelemu. Phazi langa linali lakuda ndi inki, ndipo ndinasiya mapazi pa simenti yonse.

"Choka, mwana iwe."

"Mudutse pondiponda."

"Ukundichititsa manyazi pamaso pa bambowa."

"Bambo ake ati? Mwawaona? Dzina la kampani yawo munalimvapo lisanafike lero? Ndikupempha chinthu chimodzi chokha, malume. Tulutsani khadi lanu la ku banki. Kuseri kwake kuli nambala. Imbani imeneyo, osati ya mu imelo. Akanena kuti ndalama zinadulidwa, kapena zalowa zapamwamba, ndinyamuka ndekha, simuvutika n'kuimbira mayi."

"Musaimbe, bwana!" inakuwa foni. "Mundiphetsa!"

"Sindingadule," anatero malume, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti nawonso anali atapanikizika. Maso awo ankathamanga pakati pa ine ndi foni. "Munthu akulira, ndimudule?"

"Musadule," anatero a Lumo, akutulutsa kafoni kawo kamabatani komanga ndi mphira. "Makutu Mulungu anapereka awiri, bwana. Ndipo wakutsina khutu ndi mnansi."

Ndiye malume anaima pakati pa shopu, foni kukhutu ili, foni kukhutu linalo, khadi lili pa tebulo. Mayi wa ku banki anawafunsa mafunso ake owatsimikizira, kenako analankhula momveka mpaka ine ndinamva ndili pakhomo. Palibe kampani inadula kanthu. Palibe ndalama yachilendo inalowa. Chimene chinachitika m'mawawo n'chakuti ndalama za malume zomwe zinasunthidwa kuchoka ku akaunti yawo yosungira kupita ku yogwiritsa ntchito, kuti ziwoneke ngati zachuluka. Akanatumiza "zapamwambazo", akanatumiza thukuta lawo lomwe. Mayiyo anati atseka kaye akauntiyo, malume apite okha akasinthe zonse, ndipo kompyutayo isakhudzenso intaneti mpaka kapulogalamu kaja katachotsedwa.

Kukhutu linalo mawu a mafuta aja anali atatha. Munthu uja anayamba kutukwana. Anatukwana malume, anatukwana mayi awo amene anagona kalekale, anatukwana ndi ine "kamtsikana kako ako". Malume anamvetsera zonsezo nkhope ili gwa. Ndinadikira kuti aphulike. Ndinkafuna aphulike.

Anakonza kukhosi.

"Pepani, bambo," anatero mwaulemu. "Ndikuona ngati sitikumvana. Pepani, ndidula kaye."

Ndipo anadula. A Lumo anatsegula pakamwa osatsekanso.

Malume anakhala pa mpando, anapukuta nkhope ndi mpango, anasuntha mausi uku ndi uku ngakhale panalibe choti asunthe. Anatsegula kabati n'kutulutsa foni yanga, n'kuikankhira kumapeto kwa tebulo osandiyang'ana.

"Chotsa zimene zalowamo m'kompyutamu," anatero. "Makadi a ukwati aja akuwafuna madzulo. Ndipo ukolope inki iyi, anthu aterereka."

Basi. Zomwezo.

Sindinasunthe pakhomo paja. A Lumo ankandiphethira diso kuti ndizisiye, kuti akulu sapepesa ndi pakamwa, mawa adzandigulira chakumwa n'kundiyitana "mphwanga" ndipo nkhani idzathera pomwepo. Ndikudziwa mmene zimathera. Koma manja anga anali akutenthabe ndi chitseko chija.

"Malume."

"Ndati makadi."

"Munthu amene amafuna kukusiyani opanda kanthu, amene watukwana agogo m'manda, mwamuuza pepani. Kawiri, ndamva ndi makutu anga. Ine munandinyamula ndili khanda. Mumandituma ku banki ndekha, makiyi a shopu ino amagona kwa ine. Koma mawu a munthu wopanda nkhope anakwana kuti munditche njoka pamaso pa a Lumo, munditsekere ngati mbuzi, muopseze mayi anga ndi manyazi. Simunandifunse n'komwe."

Malume anatola foni yawo n'kuyamba kuipukuta ndi mpango, ngati kuti mwina ilira iwapulumutse.

"Siilira imeneyo. Ndipo ine simungandidule, ndili pompano. Mlendo mwamumvetsera m'mawa wonse, tsono mvetserani mwana wa mlongo wanu. Pepani wa wakuba munamupeza msanga, nanga wanga ali kuti? Ndiyang'aneni, malume. Ndiyankheni!"