Muvi Wachisanu wa a Merv

"Inayi," anatero Narelle, akuwerenganso ndi chala. "Ababa sankalowa m'tchire ndi mivi inayi. Inkakhala isanu nthawi zonse."

Uta wa malemu a Merv Tregear unali patebulo la kukhitchini, pakati pa mbale za masikono zimene anansi ankangobweretsabe ngati chisoni chimatha ndi masikono. Apolisi anali atangoubweza. Linali Lachiwiri. A Merv anapezeka Lamlungu atatsamira chipika pamwamba pa khwawa, mtima utaima, ndipo maliro anali oika mawa lake.

Wade, mlongo wake wa Narelle, amene anathawira kumzinda wa Melbourne zaka khumi zapitazo n'kubwerako ndi nsapato zoopa matope, anapukusa mutu.

"Ndiye chiyani? Unagwa penapake."

"Muvi sugwa m'phodo la ababa. Analasa."

Ife a kuno kumapiri a Dargo timadziwa kulemera kwa mawu amenewo. Mvula imakonda mlenje wa uta: imafewetsa masamba a bulugamu, gwape osakumva mpaka wafika pafupi. Koma ukangolasa, mvula yomweyo imakutembenukira. Imatsuka magazi onse, iwe n'kutaya njira, nyama n'kukafera kutali pang'onopang'ono. A Merv anatha zaka makumi anayi akunyogodola aliyense wokoka uta mvula ili pamutu, ndipo pakamwa pawo panalibe chifundo. Tsopano onyogodoledwawo anali pakhonde ndi makapu a tiyi, akunong'onezana kuti mkuluyo wasiya nyama yovulala m'phiri.

"Mwina ikuyendabe ndi muvi m'mimba," anatero Narelle, akutenga uta wake kuseri kwa chitseko.

"Kapena inawola kale! Asisi, mawa tikuika ababa m'manda. Abusa akubwera masana ano, nyimbo sitinasankhe, amayi sanadye chiyambire dzulo. Inu mukulira gwape?"

"Sankha nyimbozo iweyo. Zikuyenera, manja ako ndi ofewa."

Mayi awo, a Glenys, anali akutsuka kapu imodzimodziyo kachitatu. Sanatembenuke.

"Galimoto inali pafupi," anatero chapansipansi. "Adokotala akuti akanatsika msanga, bwenzi mwina tili nawo. Ine ndikufuna kudziwa chinawasunga kumtunda kuja n'chiyani. Pita naye, Wade. Vala majombo a bambo ako."

Mvula inali isanakate chiyambire Lamlungu. Narelle sanapite pachipika paja. Anayambira kumunsi, pathawale lamatope pomwe agwape amagubuduka, chifukwa ankadziwa kuti bambo ake ankabisalira pamenepo. Wade ankabwera m'mbuyo akuterereka, akutukwana misundu imene inkamukwera m'miyendo.

"Misundu ya kuno imadziwa mlendo," anatero Narelle osacheuka.

"Imadziwa magazi abwino. Anuwo ndi owawa."

Koma ndi Wade yemweyo amene anakaona koyamba: kansanza kofiira komangidwa panthambi, mulingo wa phewa. A Merv ankayenda ndi tinsanza totere m'thumba, ndipo ankamanga kamodzi paliponse pamene apeza dontho la magazi. Pansi panalibe kanthu, mvula inali itanyambita zonse. Kutsogolo, pakati pa mitengo, kachiwiri kankalendewera.

Narelle anaima, madzi akutsika m'khosi mwake. Mtima unamuwawa, ndipo kunali kupsa mtima kwenikweni.

"Anaiona mitambo, anakokabe," anatero. "Nkhalamba yosamva! Ndikanalasa ine, akanandiimba mpaka Khirisimasi."

"Ndiye mwapeza chomwe mumafuna. Analakwa. Tiyeni tizipita."

"Sindinabwere kudzawaweruza. Ndabwera kudzamaliza."

Anatsata tinsanzato. Msewu ndi galimoto zinali kumanzere, kumunsi, mtunda woti munthu n'kufika fodya asanathe pakamwa. Tinsanza tinkapita kumanja, kukwera. Poyamba tinali totalikirana, monga amachitira munthu woyenda mwamphamvu. Kenako tinayamba kuyandikana. Mfundo zake zinayamba kulekera, ndipo Narelle, amene anaphunzira kumanga mfundo pamiyendo ya bambo ake, anaona kuti zala zinali zitayamba kukana. Kachisanu ndi chitatu kanali mulingo wa chiuno. Kakhumi kanali pa kachitsamba kofika m'bondo.

Wade anakayang'ana nthawi yaitali. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Apa ankakwawa," anatero.

"Eya."

"Ankadziwa, asisi. Ankamva pachifuwa. Galimoto ili apo, iwo n'kumakwera phiri ndi maondo!"

Narelle anapukuta kumaso ndi mkono wonyowa n'kupitirira.

Pachipika paja tinsanza tinathera. Anthu amene anadzanyamula thupi anali atapondaponda ponse, matope okhaokha. Narelle anazungulira kamodzi, kawiri, akukulitsa bwalo, akuwerama pa tsamba lililonse. Minga ya mabulosi akutchire inamung'amba m'manja. Ola linatha. Njira zinali zitatu: kukwerabe, kutsata phiri cham'mbali, kapena kutsikira kumtsinje, ndipo iliyonse inali ya tsiku lathunthu.

"Abusa afika tsopano," anatero Wade, koma mawu ake analibenso mkangano.

"Pita. Ine sindichoka."

Wade sanapite. Anatsikira kuseri kwa chipika, kumene kunali zitsamba zowirira zimene onyamula thupi sanafikeko, akukankha masamba ndi majombo aakulu aja. Kenako anaima.

"Asisi. Tabwerani."

Pansi panali chipewa cha a Merv, chachikopa, chakuda ndi thukuta la zaka zambiri. Sichinagwe chokha. Chinali chovundikiridwa bwinobwino, mwala uli pamwamba kuti mphepo isachitenge.

Wade anagwada, anachotsa mwalawo, n'kutukula chipewacho pang'onopang'ono.

Pansi pake panali pouma. M'phiri lonselo, ndi pokhapo pamene mvula ya masiku atatu sinafike. Panali phazi la gwape lozama, tsamba limodzi la bulugamu lokhala ndi madontho atatu a magazi ouma, ndi kamtengo kothyoledwa, kogonekedwa mosamala, nsonga yake italoza kumtsinje.

Tinsanza titawathera, mphamvu zitawathera, a Merv anavula chipewa mvula ili pamutu, n'kusungira amene adzabwere pambuyo.

Narelle anagona chafufumimba m'matope n'kuyang'ana motsata kamtengoko. Kumunsi, mapazi ngati makumi atatu, nsonga ya nyanga inkaonekera m'zitsamba za m'mbali mwa madzi. Sinkagwedezeka. Gwapeyo anali atafa tsiku lomwelo, pafupi chonchi, ndipo a Merv sanamuone.

Narelle anatsika yekha, nazula muviwo, nautsuka mumtsinje. Pobwerera anapeza Wade akadali chogwada, atawerama pamwamba pa tsamba lija, msana wake ukutchinga mvula.

"Tiwauza chiyani amayi?" anafunsa Wade.

"Sitiwauza kanthu. Tikawaonetsa."

Wade anatola tsambalo ndi zala ziwiri, analiika m'chipewa cha bambo ake, n'kuchilowetsa m'kati mwa jekete, pachifuwa. Anatsika phiri lonse atapinda mkono pamenepo, kuti lisanyowe.